Injini ya Boti Yokhalitsa Osalira: Zimene Madzi Otsalira Amawononga ndi Kakonzedwe Kake

 Nkhani ya lero ndi ya injini ya boti imene yakhala miyezi kapena zaka osalira, itatsamira pakona m'nyumba kapena itagona pakhonde, ndipo mwini wake tsopano akufuna kuibwezera pamadzi. Mfundo yaikulu ndi imodzi, ndipo ibwerezedwa kangapo: chimene chimapha injini yogonekedwa ndi madzi otsalira m'kati mwake, choncho injini yotere siyenera kulizidwa isanafufuzidwe.

Zifukwa zogonekera injini m'dera la Machinga ndi Balaka ndi zodziwika. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka dothi long'aluka, maboti atakhala pamatope kutali ndi madzi. Pa nthawi ngati zimenezo msodzi wa ku Mposa kapena ku Namanja amamasula injini n'kuisunga, kudikira kuti nyanja ibwerere, monga inabwerera ndi mvula yamphamvu ya mu Malichi 2019. Palinso zifukwa zina: nyengo yoletsa kusodza, kusowa kwa petulo, mwini boti kupita ku Joni kukafuna ntchito, kapena maliro amene asiya katundu wa masiye ali pa mkangano. Injini imakhala ikudikira, ndipo pakudikirapo m'kati mwake mumachitika zinthu zosaoneka ndi maso.

Kuti zimenezi zimveke, pafunika kuyamba ndi mmene injini ya boti imagwiritsira ntchito madzi. Injini ya galimoto imayenda ndi madzi akeake mu rediyeta, omwewo n'kumazungulirazungulira. Injini yopachika kumbuyo kwa boti, monga za Yamaha zimene zili zambiri m'madoko a m'Malawi, imamwa madzi a m'nyanja momwemo. Kumunsi kwa mwendo wake, pafupi ndi pulopela, kuli timabowo tolowera madzi. Pamwamba pa giyabokisi pali kapampu, ndipo m'kati mwa kapampuko muli kagudumu ka labala kokhala ndi mapiko, kamene amakaniko amati impela. Kagudumuka kamakankhira madzi m'kapaipi kokwera kumtunda, madziwo n'kudutsa m'tinjira tozinga masilinda, kutengako kutentha, kenaka n'kutsika kubwerera m'nyanja pamodzi ndi utsi. Ochepa okha ndi amene amatulukira pa kabowo kam'mbali ngati kamtsinje kowonda, ndipo kamtsinje kameneka ndi kamene kamauza woyendetsa kuti injini ikuzizira bwino. Ndiye kuti injini iliyonse imene yangochoka pamadzi imakhala yonyowa m'kati, ndipo nkhani yonse yagona pa kumene madziwo amapita ikazimitsidwa.

M'maiko ozizira, madzi otsalirawo amaundana. Zinthu zambiri zikazizira zimachepa, koma madzi akaundana amafufuma. Malita 10 a madzi akasanduka madzi oundana amafuna malo a malita pafupifupi 11. Amene ali ndi firiji amadziwa zimene zimachitikira botolo la chakumwa likaiwalika m'chipinda choundanitsa usiku wonse: m'mawa limapezeka litasweka. Mphamvu imene imaswa botolo ndi yomweyo imene imang'amba chitsulo. Madzi otsekeredwa m'kanjira kopapatiza alibe kofufumira, ndiye amakankha khoma la kanjirako mpaka ling'aluke, ndipo usiku umodzi wa chisanu chenicheni ndi wokwanira.

Womvera wina angafunse kuti zimenezi zikukhudza bwanji Machinga ndi Balaka, kumene dzuwa la Okutobala limatentha mpaka mchenga osapondeka. Zoonadi, chisanu choundanitsa madzi kuno ku Malawi chimagwa kumapiri, monga ku Nyika ndi pamwamba pa Mulanje, osati m'chigwa cha Shire. Koma injini zimayenda maulendo. Ambiri sangakwanitse kugula yatsopano, ndipo yogwirapo kale ntchito imatha kubwera kuchokera ku South Africa, ku Japan kapena ku Britain. Mzinda wa Johannesburg uli pamalo okwera kwambiri, ndipo usiku wina wa Juni ndi Julayi madzi osiyidwa panja amaundana. Injini imene inkayenda pa damu la Vaal, n'kusiyidwa panja nyengo yozizira ili ndi madzi m'kati, itha kufika pa Liwonde itanyamula mng'alu umene wogula sakuudziwa. Mwana amene watumizira bambo ake injini kuchokera ku Joni amakhala wachita zabwino ndi mtima wonse, koma injiniyo iyenera kufufuzidwa mofanana ndi ina iliyonse.

Malo amene chisanu chimakonda kuwononga ndi odziwika. Injini yopachika inapangidwa kuti ikaima chilili madzi azitsika okha n'kutuluka. Ikasiyidwa chogona kapena chopendekeka, madzi amatsalira m'tinjira ta kumutu ndi m'kapampu. Malo achiwiri ndi giyabokisi. Ulusi wa ukonde kapena wa mbedza ukakulungika kuseri kwa pulopela, umadya pang'onopang'ono kalabala kotsekera oyilo, madzi n'kuyamba kulowa. Madzi amenewo amakhazikika pansi pa oyilo, ndipo akaundana chikopa cha giyabokisi chimatupa kapena kung'aluka. Injini zazikulu zokhala m'kati mwa boti, zofanana ndi za galimoto, ndiye zimavulala koposa, chifukwa thupi lake limasunga madzi ambiri ndipo satuluka okha. Zimang'aluka m'nthiti, ndipo nthawi zina tizitsekerero tozungulira ta m'mbali mwa thupi lake timapezeka titakankhidwira kunja. Wogula akaona penti yatsopano pamalo amodzi okha, mzere wa dzimbiri wotsika kuchokera pamalo opanda bawuti, kapena pamalo potupa pamene payenera kukhala posalala, ayenera kupala pamenepo n'kuyang'anitsitsa asanatulutse ndalama.

Zimenezo ndi za injini zochokera kozizira. Tsopano nkhani ikubwera kwathu kuno, kumene madzi saundana koma amawononga m'njira zina, mwakachetechete.

Choyamba ndi dzimbiri. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufumanso, chifukwa dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya. Mphete za pisitoni zimamatirira ku khoma la silinda, injini n'kuuma gwa, chingwe cholizira osakokeka. Injini zambiri za asodzi ndi zamtundu umene oyilo amasakanizidwa ndi petulo. Zoterezi zilibe mosungira oyilo kumunsi. Mabeyaring'i ake amangodalira kaoyilo kopyapyala kobwera ndi petulo. Injini ikakhala miyezi yambiri kaoyiloko kamatsetsereka, chinyezi cha nthawi ya dzinja n'kulowa, ndipo tizitsulo tosalala ta m'mabeyaring'i timachita mabala. Injini yogonekedwa mutu uli pansi kuposa mwendo imavulala msanga, chifukwa madzi a mu njira ya utsi amabwerera n'kulowa m'silinda.

Chachiwiri ndi mchere ndi matope. Madzi a Chilwa ali ndi mchere, ndipo nyanja ikamaphwa mcherewo umawonjezeka, madzi n'kukhalanso a matope okhaokha. Ndiye kuti injini imene inayenda masabata omaliza nyanja isanaume inamwa madzi oipitsitsa, n'kugonekedwa nawo. Madziwo akauma amasiya chikhungwa choyera m'tinjira, chimene chimatseka njira ndi kudya aluminiyamu. Mabawuti achitsulo omangidwa mu aluminiyamu amagwirana naye mpaka kukhala ngati chinthu chimodzi. Pamwamba pa izi, mavu omanga ndi dothi amakonda kabowo kotulutsa madzi kaja, ndipo makoswe amatafuna mawaya ndi mapaipi a petulo pansi pa chivundikiro.

Impela nayo siikonda kukhala. Mapiko ake amakhala opindika m'kapampu, ndipo akakhala choncho chaka chathunthu m'kutentha kwa kuno amauma n'kukhala opindika mpaka kale, kapena amathetheka. Injini ikalizidwa, zidutswa za labala zimakankhidwira m'tinjira ta kumutu, kumene kuzichotsa ndi ntchito yaikulu.

Petulo wotsalira ndi vuto lina. Kuyambira 1982 dziko la Malawi limasakaniza petulo ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Petulo wokhalitsa m'thanki amatha kulekana, pansi n'kukhala madzi osakanikirana ndi ethanol, ndipo pansi pomwepo ndi pamene paipi imayamwira. Wotsalira mu kabyuleta amauma n'kusiya utomoni womata umene umatseka timabowo tating'onoting'ono todutsa petulo.

Apa ndi pamene mfundo ija iyenera kubwerezedwa. Mwini injini akaona nyanja yadzaza ndipo anzake ayamba kubwera ndi matemba ndi makumba, mtima umathamanga. Amathira petulo n'kukoka chingwe kuti angomva ngati ilira. Injini zambiri zimene zikanachira ndi ndalama zochepa zimafera pa mphindi zoyambirira zimenezi: pisitoni youma imakanda silinda, impela youma imasweka, mutu n'kutentha. Injini yokhalitsa isalizidwe isanafufuzidwe.

Gawo lotsatira ndi la kafufuzidwe kake, ndipo ntchito yambiri mwini wake atha kuiyamba yekha asanaitane makaniko.

Injini imaimikidwa chilili pa mtanda wolimba, pamalo owala, n'kutsukidwa kunja kuti chitsulo chioneke. Mapulagi amachotsedwa n'kuikidwa mwa dongosolo, kuti idziwike ya silinda iti ndi iti, pakuti pulagi imanena zambiri. Ya dzimbiri kunsonga kapena ya timadontho ta madzi ikusonyeza kuti madzi analowa m'silinda imeneyo. Imodzi ikakhala yoyera mbee ngati yotsukidwa pamene inzake ili yakuda monga mwa nthawi zonse, ndiye kuti madzi ankalowa injini ikuyenda, nthunzi n'kumaitsuka. M'mabowo a mapulagi mumathiridwa oyilo pang'ono, ndipo gudumu la pamwamba limazunguzidwa ndi manja pang'onopang'ono. Likazungulira mosavuta, chiyembekezo chilipo. Likamveka ngati muli mchenga, mabeyaring'i avulala ndipo injini iyenera kutsekulidwa.

Gudumu likakana kusuntha, pamafunika kudekha kwa masiku. Injini imagonekedwa mabowo a mapulagi atayang'ana kumwamba, m'masilinda n'kuthiramo oyilo wosakaniza ndi dizilo kapena palafini, n'kuisiya. Tsiku lililonse gudumu limagwedezedwa pang'ono uku ndi uku. Nthawi zina limamasuka pa masiku atatu, nthawi zina patatha sabata ziwiri. Kukakamiza ndi chitsulo chachitali, kupondereza pulopela ndi phazi, kapena kumenya pisitoni ndi hamala kumathyola mphete kapena kupinda ndodo ya pisitoni, ndipo kuwonongeka kumeneko kumaposa kumene dzimbiri linachita.

Kenaka amatsekula kabawuti ka pansi pa giyabokisi, oyilo n'kugwera m'mbale yoyera. Oyilo wabwino amakhala wowala ngati uchi, kapena wakuda pang'ono ngati wakalamba. Akatuluka wotuwa ngati tiyi wa mkaka, kapena madzi akayamba kutuluka oyilo asanabwere, ndiye kuti pali podontha. Tizidutswa ta chitsulo m'mbalemo tikusonyeza kuti mano a magiya ayamba kudyana. Pa injini zokhala ndi mosungira oyilo, chizindikiro ndi chomwecho: oyilo wotuwa, kapena wochuluka kupitirira mzere wake popanda amene anawonjezera.

Pamenepa pali chenjezo lopulumutsa ndalama. Madzi m'silinda kapena mu oyilo sakutanthauza nthawi zonse kuti thupi la injini lang'aluka. Kawirikawiri wolakwa amakhala gasiketi ya mutu imene yapsa kapena yadyeka ndi mchere, ndipo gasiketi ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi thupi lonse. Mutu ukachotsedwa, amauika pa galasi lochindikala kuti aone ngati uli wowongoka. Ukapindika pang'ono, amakaniko amayala sandipepa wosalala pa galasilo n'kumaupukuta mozungulira mpaka nkhope yake yonse iwale mofanana. Makaniko amene ali ndi geji yoyezera mphamvu ya masilinda amayeza iliyonse, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti masilinda asasiyane kwambiri. Imodzi ikatsalira kutali ndi inzake, vuto lili momwemo.

Mng'alu weniweni nthawi zambiri umakhala wowonda ngati tsitsi. Pali njira yakale youpezera imene siifuna makina. Malo okayikitsa amapalidwa penti, n'kutsukidwa, n'kupakidwa palafini. Pakapita kanthawi amapukuta mpaka pouma, n'kupakapo choko cha kusukulu. Palafini amene analowa mu mng'alu amabwerera kunja n'kujambula mzere wonyowa pa chokocho. Njira ina ndi ya mpweya: amatseka mabowo a tinjira ta madzi, n'kupopera mpweya pang'ono ndi pampu ya njinga, kunja n'kupaka madzi a sopo. Pamene patuluka thovu ndi pamene pali bala. Giyabokisi imayesedwa chimodzimodzi, itamizidwa m'beseni la madzi, koma mpweya wake uyenera kukhala wochepa kuti usakankhe timalabala totsekera.

Mng'alu ukapezeka, funso ndi lakuti uli pati, chifukwa malo ake ndi amene amagamula ngati ukonzeke kapena ayi. Ili ndilo gawo lofunika kumvetsera bwino.

Mng'alu wa pa khoma lakunja la kanjira ka madzi ndi wopepuka. Pamenepo sipafika moto ndipo madzi sakankha mwamphamvu. Wokonza amayamba ndi kuboola kabowo kakang'ono kumapeto onse awiri a mng'aluwo, kuti usapitirire kuyenda injini ikamanjenjemera. Kenaka amaukumba pang'ono m'litali mwake kuti pakhale kamsewu, n'kutsuka mpaka pasakhale mafuta ngakhale pang'ono, n'kumatapo guluu wa zitsulo wosakaniza mitundu iwiri, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Pratley. Guluuyo amafuna tsiku lathunthu kuti agwire. Kukonza kotere, kukachitika paukhondo, kumatha kukhala nthawi yaitali. Kumene kumalephera kawirikawiri n'kumene anamata pamwamba pa penti kapena pa mafuta, kapena anasiya kuboola kumapeto.

Guluu yemweyo alibe ntchito pa khoma la silinda, pa njira ya utsi, kapena pa giyabokisi pamene pamakhala beyaring'i. Malo amenewa pali moto kapena katundu wolemera, ndipo guluu amagwa. Apa pafunika kuwotcherera, ndipo apa ndi pamene injini zambiri zimawonongekera kachiwiri. Thupi la injini yopachika ndi la aluminiyamu. Mmisiri wowotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo pa msika ndi waluso pa ntchito yake, koma makina ake ndi a chitsulo wamba. Aluminiyamu amafuna makina ogwiritsa ntchito mpweya wa argon ndi munthu amene anazolowera, chifukwa sasintha mtundu akatentha: amangosungunuka mwadzidzidzi n'kusiya dzenje. Amisiri otere amapezeka kwambiri m'mizinda ngati Blantyre, ndipo ulendo wa basi kuchokera pa Liwonde ndi wotsika mtengo kuposa kutaya thupi la injini. Pambuyo powotcherera, nkhope zokumana ndi gasiketi ziyenera kuyesedwanso, pakuti moto umapinda.

Thupi la injini yaikulu ya m'kati mwa boti nthawi zambiri limakhala la chitsulo chosungunula m'chikombole, chimene ndi cholimba koma chosachedwa kuthetheka. Chikawotchereredwa chili chozizira, mng'alu watsopano umabadwa pambali pa wakale. Mmisiri wodziwa amayamba kulitenthetsa lonse pang'onopang'ono, amagwiritsa ntchito ndodo zowotcherera za nickel, amawotcha pang'onopang'ono, ndipo akatha amalikwirira mu mchenga wouma kapena m'phulusa kuti lizizire usiku wonse. Palinso njira yosoka chitsulo popanda moto, imene amaboola timabowo motsatira mng'alu n'kumangamo timabawuti tolumikizana, ndi tizitsulo topingasa togwira mbali ziwirizo. Njira imeneyi ndi yodalirika kwambiri pa chitsulo chamtunduwu, ngakhale amisiri ake ndi ochepa.

Pali ming'alu ina imene siyenera kukonzedwa konse. Wodutsa kuchokera m'kanjira ka madzi kulowa m'silinda, kapena wofika pamene pamakhala mabeyaring'i aakulu, umabwereranso ngakhale utawotchereredwa bwino. Mwini wake amachita bwino kufunafuna thupi lina kuchokera ku injini yakufa ya mtundu womwewo, n'kusamutsirako ziwalo zabwino. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene asodzi amakondera mitundu yofala: zipangizo zake zimapezeka m'madoko a ku Mangochi ndi kwina, pamene injini yachilendo, ngakhale inagulidwa motsika, imatha kukhala chaka kudikira kachitsulo kamodzi. Makaniko woona mtima amanena poyera ngati mtengo wokonza wayandikira mtengo wa injini ina, ndipo mwini wake ayenera kufunsa funso limeneli ntchito isanayambe.

Mabawuti ogwidwa ndi mchere amafuna mawu apadera, chifukwa bawuti yoduka m'thupi la injini imasandutsa ntchito ya tsiku limodzi kukhala ya sabata. Amainyowetsa ndi mafuta olowerera kwa tsiku kapena awiri, amaigogoda pamutu pang'ono, amatenthetsa aluminiyamu woizungulira, kenaka amaipotoza pang'ono kumanga ndi kumasula mosinthanasinthana. Pobwezera, iliyonse imapakidwa girizi.

Zotsala ndi zopepuka koma sizidumphidwa. Impela imasinthidwa ngakhale ikuoneka yabwino, ndipo ngati yakaleyo yaduka mapiko, zidutswa zonse ziyenera kupezeka. Tinjira ta madzi timapalidwa chikhungwa. Kachitsulo koyang'anira kutentha, kamene kamatsekula njira ya madzi injini ikatentha, kamayesedwa m'madzi otentha kuti kaoneke ngati kakutsekuka. Ena amakataya poganiza kuti injini izizira bwino, koma injini yoyenda yozizira kwambiri imadetsa mapulagi ndipo imamwa petulo wambiri. Kabyuleta imamasulidwa n'kutsukidwa, timabowo take n'kupemereredwa ndi mpweya osati kutokosedwa ndi waya, pakuti waya amakulitsa bowo. Petulo wakale amachotsedwa, thanki n'kutsukidwa, mapaipi ouma n'kusinthidwa. Giyabokisi imalandira timalabala tatsopano, ndipo oyilo amathiridwa kuchokera pa bowo la pansi mpaka atulukire pa la pamwamba, kuti musatsale mpweya. Pa kasakanizidwe ka petulo ndi oyilo, buku la injiniyo ndilo loyenera kutsatidwa; zambiri zimafuna oyilo wochepera pang'ono theka la lita pa chigubu cha malita 20, ndipo oyiloyo akhale wa injini za pamadzi, osati wa galimoto.

Injini imene inamira ili ndi lamulo lakelake. Madzi osefukira, monga a namondwe Freddy mu Malichi 2023, amamiza maboti ndi katundu wa m'nyumba. Injini yomira imayamba kuchita dzimbiri mwamsanga ikangovuulidwa n'kukumana ndi mpweya. Iyenera kutsukidwa ndi madzi oyera, kuchotsedwa mapulagi, kukhuthulidwa madzi ndi kuthiridwa oyilo tsiku lomwelo. Ngati munalowa mchenga kapena matope, isazunguzidwe n'komwe isanatsekulidwe.

Tsopano yafika nthawi yoiliza. Injini imapachikidwa pa mgolo wodzaza madzi, madziwo atakwirira timabowo tolowera ndi kapampu komwe. Kuiliza pouma, ngakhale kwa masekondi ochepa, kumapsereza impela yatsopano ija. Giya imakhala pakati, ana n'kukhala patali. Ikalira, maso onse amakhala pa kabowo kam'mbali. Kamtsinje kakapanda kutuluka msanga, injini imazimitsidwa pomwepo n'kufufuza. Kakatuluka, imasiyidwa kuti iyende pang'onopang'ono, wokonza n'kumayang'ana malo amene anamata kapena kuwotcherera, ndi kugwira mutu ndi dzanja: uyenera kukhala wofunda, osati wootcha. Ikazizira, mapulagi amayang'anidwanso.

Mgolo sunena zonse, pakuti injini yopanda katundu siitentha mokwanira kutsekula mng'alu wobisika. Mayeso enieni ndi a pamadzi, pafupi ndi gombe, tsiku lopanda mphepo, m'boti mulibe apaulendo kapena maukonde, muli nkhafi ndi majekete oyandamitsa. Pobwera, oyilo wa giyabokisi amayang'anidwanso. Chifukwa chochitira zonsezi chimadziwika kwa aliyense amene amayenda pamadzi a kuno. Mtsinje wa Shire kumtunda kwa Kamuzu Barrage, imene inamangidwa mu 1965, uli ndi mvuu ndi ng'ona zambiri, ndipo boti lozima pakati pake limatengedwa ndi madzi. Pa Malombe, mwera wa Juni ndi Julayi umadzuka mofulumira. Namasupuni ndi majumbo oyandama pa Shire amatseka timabowo ta madzi, choncho ngakhale injini yokonzedwa bwino imafuna woyendetsa amene amacheukira kamtsinje kaja pafupipafupi.

Chomalizira ndi kagonekedwe, chifukwa Chilwa idzaphwanso, ndipo nyengo yoletsa kusodza imabwera chaka ndi chaka. Injini isanasungidwe imayendetsedwa mu mgolo wa madzi a pa mjigo kuti mchere ndi matope zituluke. Paipi ya petulo imachotsedwa injini ikuyenda, kenaka wotsala mu kabyuleta amakhuthulidwa pa kabawuti kake. M'masilinda mumathiridwa oyilo pang'ono n'kukoka chingwe kangapo pang'onopang'ono, mapulagi n'kubwezeredwa. Oyilo wa giyabokisi amasinthidwa nthawi yomweyo, kuti madzi amene analowa asagone m'menemo miyezi yonse. Pulopela imachotsedwa, ulusi wokulungika n'kutayidwa, chitsulo chake n'kupakidwa girizi. Injiniyo imaimikidwa chilili pamthunzi, pouma, itafunditsidwa nsalu kapena thumba lopitisa mpweya m'malo mwa pulasitiki amene amasunga chinyezi. Kamodzi pamwezi wina wa pabanjapo akoke chingwe kawiri kapena katatu. Ntchito imeneyi mayi kapena mwana wamkulu atha kuigwira mwini wake ali kutali.

Omvera amene muli ndi injini m'nyumba madzulo ano, taganizirani: kodi yaima kapena yagona, ndipo madzi omaliza amene inamwa anali a pa mjigo kapena a m'nyanja? Ngati yagona, iimikeni lero, chotsani mapulagi, thiranimo oyilo, ndipo musathire petulo makaniko asanaione.